Nsagwada inalunzika, mlomo unatsalira: miyezi 18 yotsatira msodzi wina ku Nkhotakota

Ndimagwira ntchito ya mano pachipatala china m'boma la Nkhotakota. Opaleshoni yowongola nsagwada kuno sitichita. Odwala timawatumiza ku Lilongwe, ndipo amabwerako ndi kapepala ka mizere itatu kapena inayi. Chaka chonse chotsatira amakhala m'manja mwathu. Lipotili ndi la wodwala mmodzi wotere. Mwini wake anavomera kuti ndilembe, bola dzina lake ndi mudzi wake zisatchulidwe.

Mmene anafikira kwa ine

Ndi bambo wa zaka 29, msodzi wa usipa, wokwatira, wa ana awiri. Alibe matenda a shuga kapena ena okhalitsa, koma ankasuta fodya. Anagwa pa kabaza wa njinga yamoto mumsewu wa M5 madzulo, ali wokwera, wopanda helemeti, ndipo anafikira chibwano pa tala. Kuchipatala chaching'ono anamusoka bala la pachibwano, anamupatsa mankhwala opha ululu ndi kalata yopita kukajambulitsa. Sanapite. Ndalama ya ulendo panalibe, ndipo poti kutupa kunkaphwa, iye ndi abale ake anaganiza kuti zikutheka. Anamanga nsagwada ndi nsalu, anatemera mphini zingapo patsaya, n'kumamwa phala.

Kwa ine anafika patatha miyezi isanu. Chomwe chinamubweretsa si ululu. Anati: "Adokotala, nsima ndimameza, koma ndiwo ndimangoziyang'ana."

Nditamuuza kuti alume mano, anakumana a kumbuyo kumanja okha. Kutsogolo kunatsala mpata woti nsonga ya chala changa chaching'ono inkalowa. Chibwano chinali chitakhotera kumanja. Nditayendetsa chala m'munsi mwa nsagwada kumanzere ndinamva pomwe fupa linakwerana ngati sitepe, lolimba, losagwedera. Chithunzi chinaonetsa kuti linathyoka pawiri: kumanzere pansi pa mano apakati, ndi kumanja pangodya, kuseri kwa dzino lomaliza. Izi sizachilendo. Nsagwada ya m'munsi ili ngati mkombero wa lichero, ikasweka mbali ino kafufuzeninso mbali inayo. Minofu yotafunira ndi yamphamvu, imakoka zidutswa uku ndi uko, ndipo fupa silidikira dokotala. Pakangotha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi limagwirana pomwe lapezeka, kaya ndi pokhota. Akanafika sabata yoyamba, mwina mawaya omangira mano a m'mwamba ndi a m'munsi pamodzi akanakwanira okha. Tsopano panafunika kulidulanso.

Mlomo wa m'munsi kumanzere unali kale ndi dzanzi pang'ono chichitikireni ngozi. Ndinalemba zimenezi m'kabuku kake mzere umodzi wokha, osadziwa kuti nkhani yaikulu idzakhala imeneyi.

Opaleshoni, mwachidule

Ku Lilongwe madokotala anamugoneka, anadula fupa m'malo awiri aja, anamanga tizitsulo topingasa pa mano a m'mwamba ndi a m'munsi, n'kulumanitsa mano mmene ankakumanirana kale. Mano atakhala bwino ndi pomwe anakhoma fupa ndi timapuleti ta chitsulo chotchedwa titanium ndi timisomali take. Dongosolo lake ndi lomwelo: mano ndiwo amauza dokotala pomwe fupa liyenera kukhala. Dzino lomaliza la kumanja analichotsa chifukwa linali pamzere wodulapo. Poti fupa la kumanzere linali lopyapyala pomwe anadulapo, anamusiya womangidwa mawaya kwa masabata anayi. Anagona m'chipatala masiku asanu ndi limodzi.

Masabata a mawaya

Anabwera kwa ine tsiku lachisanu ndi chinayi, nkhope ili ndembendembe, akuyankhulira m'mano. Kutupa kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kwambiri kumaphwa m'masabata awiri kapena atatu, koma kotsalira kumatenga miyezi. Ndinamuuza kuti asaweruze nkhope yake ndi kalilole mwezi umenewo.

Chinthu choyamba chomwe ndinamuletsa ndi nyanja. Munthu womangidwa mawaya akasanza, masanzi alibe potulukira bwino ndipo atha kulowa m'mapapo. Bwato usiku, mafunde a mwera, kamwa lotseka: ayi. Mkazi wake ndinamuonetsa mawaya oyenera kudula zitavuta, ndipo anabwereka kapulayala kwa wokonza njinga, kankagona kumutu kwa mphasa. Sikanagwirepo ntchito, koma onse awiri ankagona tulo chifukwa cha iko.

Pa chakudya ndi pomwe tinalimbana. Asanapite ku opaleshoni anali ndi makilogalamu 58, atatsika kale kuchoka pa 63 yomwe inali m'kabuku kake chaka cham'mbuyo. Sabata yachitatu sikelo inaonetsa 53. Mayi akunyumba ankamuphikira phala lamadzimadzi la ufa woyera ndi shuga, kawiri pa tsiku, chifukwa ndi lokhalo lomwe linkadutsa. Phala lotero limadzaza mimba koma silimanga fupa. Tinakhala pansi atatu n'kuwerenga zomwe zinalipo pakhomo pawo: mgaiwa, mtedza, usipa wouma, nthochi, mafuta ophikira, mazira mwa apo ndi apo. Usipa aziukazinga pang'ono, kuusinja, kuusefa kawiri, ufa wake n'kuthira m'phala la mgaiwa pamodzi ndi nsinjiro ndi supuni ya mafuta. Dzira azilimenyera m'phala likadali pamoto kuti lipse. Nthochi yakupsa kwambiri kapena peyala azikanya ndi mkaka n'kusefa pakansalu koyera. Msuzi wa nyemba nawonso, wosefa. Azidya kasanu ndi kamodzi pa tsiku, osati kawiri. Chakudya chinkalowa pampata wa kuseri kwa mano omaliza, ndipo pomwe anachotsa dzino paja panathandiza.

"Phala la usipa, adokotala? Limenelo ndi la ana a kusikelo," anatero akunyinyirika m'mano. Ndinamuyankha kuti achimwene, mwezi uno inunso ndinu wa kusikelo. Anaseka mpaka mawaya anamupweteka. Kulemera kunaima pa 53, sikunatsikenso.

Kutsuka m'kamwa: kamswachi ka ana, madzi ofunda a mchere akatha kudya kulikonse, ndi mankhwala otsukira m'kamwa a chlorhexidine kwa masabata awiri. Mankhwala amenewa amadetsa mano, ndipo ndinaiwala kumuchenjeza, moti anabwera ali ndi mantha kuti mano akuola. Fodya anasiya, osati chifukwa cha ulaliki wanga koma chifukwa kukoka utsi ndi mano omanga kunali kovuta. Ndinamuuzabe kuti fodya amachepetsa magazi ofika pabala ndipo amachedwetsa fupa kugwirana.

Kutsegula kukamwa

Mawaya atachotsedwa anamuika timphira kwa masabata ena awiri. Tsiku lomwe ndinamuyeza koyamba ndi lula, pakati pa mano akutsogolo panatseguka mamilimita 14 okha. Munthu wamkulu wabwinobwino amatsegula 35 mpaka 45 kapena kupitirira, pafupifupi zala zake zitatu zosanjikiza. Iye chala chimodzi chokha chinkalowa. Anakhumudwa kwambiri. Ankayembekezera kuti mawaya akangochoka adya chambo tsiku lomwelo.

Minofu ndi mfundo za nsagwada zikakhala mwezi osagwira ntchito zimauma. Ndinamupatsa timatabwa topanira lilime, tija timagwiritsa ntchito poyang'ana pakhosi. Tinasanjikiza tisanu ndi titatu, tinamanga ndi mphira, n'kulowetsa pakati pa mano a kumbuyo. Ntchito yake inali kutigwira pamenepo masekondi 30, kupuma, kubwereza kasanu, ndipo zonsezo kanayi kapena kasanu pa tsiku, atayamba wathowa masaya ndi kansalu ka madzi ofunda. Pakatha masiku awiri kapena atatu, kathabwa kena azikalowetsa pakati pa tinzake. Kuwawa kokoka ndi kololedwa. Kuwawa kobaya pomwe pali puleti ndiye kusiya n'kubwera.

Mwana wake wamkazi wa sitandade 3 ndi amene anasanduka mlembi. Ankalemba chiwerengero cha timatabwa ndi khala pakhoma la khitchini, ndipo atate ake akazemba ankanena kwa amayi. Pa sabata yachisanu ndi chitatu tinapeza mamilimita 23, pa miyezi itatu 31, pa miyezi isanu ndi umodzi 37. Odwala ambiri omwe ndawaona akukanirira pa zala ziwiri ndi omwe anasiya timatabwa ululu utangotha.

Chakudya chinabwerera pang'onopang'ono: nsima yofewa ndi kondowole, zomwe munthu amameza osatafuna kwenikweni, mpunga wophika kwambiri, mazira, mlamba wopanda minga yambiri, masamba otendera. Zolimba ndinamuletsa mpaka miyezi itatu, ndipo nzimbe, chimanga chowotcha ndi mtedza wokazinga ndinati zidikire kupitirira apo. Kuno kuletsa munthu nzimbe n'kumulanga, poti Dwangwa ili pafupi ndipo zimagulitsidwa pa siteji iliyonse. China chomwe sindikanachiganizira ndinachimva kwa mkazi wake: posoka ukonde asodzi amadula ulusi wa nailoni ndi mano. Ndinamuuza amange kampeni pachingwe azikavala m'khosi.

Mlomo

Ine ndinkasangalala ndi manambala a pa lula. Iye sankasangalala. Mwezi wachitatu, nditamuyamikira chifukwa cha 31, anangoti zikomo, maso ali pansi. Mkazi wake ndi amene anaulula ali pakhomo potuluka: "Adokotala, abambowa sakudyanso ndi anzawo. Amadyera m'nyumba okha, chitseko chotseka."

Ndinawabweza onse awiri. Zinapezeka kuti mlomo wa m'munsi kumanzere ndi khungu la chibwano mbali imeneyo sizinkamva kalikonse. Tiyi ankatsikira pachibwano iye osadziwa, mpaka adontheze pamalaya. Njere ya mpunga inkakhala pamlomo akucheza ndi anthu. Tsiku lina pamaliro, akudya mbale imodzi ndi amuna anzake, mnyamata wina anamulozera kuti apukute dovu. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kudya pagulu. Nditakweza mlomowo ndinapeza chilonda cha kupsa ndi phala lotentha ndi zipsera ziwiri za kudziluma. Pachibwano panali pomwe lezala inamucheka pometa.

Choopsa kwambiri kwa iye chinali nsomba. Ife a kunyanja minga sitiyang'ana ndi maso. Timaika nsomba m'kamwa, lilime ndi milomo zimasankha zokha, munga n'kutulukira pambali pa mlomo uku nkhani ikupitirira. Iye theka la chida chimenechi linali litafa. Munga wa utaka unamubaya mkati mwa mlomo n'kukhalamo tsiku lonse osaumva. Msodzi anayamba kuopa nsomba.

Mtsempha womwe umapatsa mlomo wa m'munsi kumva umadutsa m'kati mwenimweni mwa fupa la nsagwada, m'kanjira kake, ndipo umatulukira pakabowo ka pansi pa mano apakati. Fupa lake linathyokera pomwepo, ndipo linadulidwanso pomwepo. Mtsemphawo unavulala kawiri. Wosuntha mlomo ndi mtsempha wina wosiyana, n'chifukwa chake ankatha kumwetulira ndi kuimba mluzu. Izi ndinayenera kuzifotokoza kwa amalume ake, omwe anali atagamula kale kuti ndi sitiroko, pomwe apongozi ankanena za anthu oipa mtima padoko. Ndinamuuza wodwalayo afufumitse masaya, atseke maso mwamphamvu, akweze nsidze, amalume akuona. Mbali zonse zinayenda mofanana. Za sitiroko zinathera pomwepo. Za apongozi sindinalowemo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kujambula mapu. Amatseka maso, ine ndimakhudza khungu ndi kathonje, kenako nsonga ya singano, kuchoka komwe akumva kulowera komwe sakumva. Akati "apa ayi" ndimadontheza kadontho ka cholembera. Madontho akazungulira ndimayeza n'kukopera m'kabuku. Mwezi wachitatu dera lakufa linayambira pakati pa mlomo kufika pangodya ya kamwa, n'kutsika mpaka kunsi kwa chibwano, kukula ngati bokosi la machesi. Ndinkamupatsa kalilole kuti aone madonthowo, chifukwa kusintha kwa mtsempha n'kochedwa moti mwini wake sakuzindikira. Mtsempha wovulala ukamaphukanso umayenda pafupifupi milimita imodzi pa tsiku zinthu zikakhala bwino. Kuchira kochuluka kumaoneka m'chaka choyamba, ndipo zomwe zatsala pakatha chaka ndi theka kapena ziwiri nthawi zambiri zimakhala zokhalitsa. Ndinamuuza zimenezi mosabisa. Sindinamulonjeze kuti zonse zibwerera.

Mwezi wachinayi anabwera mwadzidzidzi, akuti m'chibwano mukuyenda nyerere ndipo nthawi zina mukuthwanima ngati wagwira waya wa batire. Ankaganiza kuti zaipiraipira. Ndinamugwira chanza, chifukwa nyererezo ndi chizindikiro choti mtsempha wayamba kudzuka. Kunyumba ndinamupatsa ntchito yosavuta: kuima pakalilole, kusisita mlomo ndi nthenga ya nkhuku, kenako chala, kenako kansalu kokhakhala, akuyang'ana, kenako atatseka maso. Tiyi aziyesa ndi mbali ya kumanja. Nsomba azidya kukuwala, minga achotse ndi zala isanafike pakamwa. Kansalu kopukutira kazikhala m'dzanja. Mkazi wake anapangana naye chizindikiro: akagwira chibwano chake, ndiye kuti apukute.

Cholakwa changa

Mwezi wachisanu kunsi kwa nsagwada kumanzere kunatupa, kofiira, kotentha, ndipo m'kamwa pafupi ndi nkhama munkatuluka mafinya. Thupi silinatenthe kwambiri. Ndinamuyambitsa mankhwala opha tizilombo a amoxicillin ndi metronidazole, ndinatsuka, ndipo ndinamutumiza kukajambula. Fupa linali litagwirana bwino, koma kansomali kamodzi ka puleti kanali katamasuka, ndipo kumuzu kwa dzino loyandikana ndi pothyokapo kunali mdima wozungulira. Dzinolo linali litafa.

Ndinali nditaliona mwezi wachitatu kuti lasintha mtundu, likuoneka lotuwira kusiyana ndi anzake. Ndinaganiza kuti ndi zotsala za chlorhexidine, ndipo poti sankadandaula ululu sindinaligogode kapena kulijambula. Koma akanamva bwanji ululu, mtsempha wa mano a mbali imeneyo ndi womwewo wadzanziwo? Funso limeneli ndinadzifunsa mochedwa. Dzino la pafupi ndi pothyoka, m'nsagwada yadzanzi, silingakuuzeni lokha kuti likufa. Tsopano mano otero ndimawalemba pa tsamba loyamba la kabuku ndipo ndimawayang'ana ulendo uliwonse.

Ndinamuuza kuti ndinachedwa kuliona. Anangoti, "Zimachitika, adokotala," koma ulendo wa ku Lilongwe womwe unatsatira analipira ndi iye, atagulitsa mbuzi. Kumeneko anachotsa dzinolo ndi puleti ya kumanzere. Timapuleti ta titanium nthawi zambiri timakhala m'thupi moyo wonse osavuta, koma tikagwidwa ndi matenda kapena kumasuka fupa litagwirana kale, kuchotsa ndiye mankhwala. Mafinya anauma m'masabata awiri. Kutsegula kukamwa kunatsika kufika 30, ndipo timatabwa tinabwereranso kwa mwezi umodzi. Puleti ya kumanja ikadalimo.

Yotsalayo inabweretsa funso lake dzinja litayandikira. Anzake a bwato limodzi ankati chitsulo cha m'nsagwada chiitana mphezi panyanja, ndipo awiri anakana kukwera naye. Ndinamuuza kuti kapuleti kameneka n'kochepa kuposa fungulo ya loko yomwe ali nayo m'thumba, ndipo sikakoka mphezi. Ngakhale maginito sagwira titanium. Bwato pakati pa nyanja mvula ya mabingu ikugwa ndi loopsa kwa aliyense, wa puleti ndi wopanda. Puleti yomwe anamuchotsa anamupatsa m'kabotolo, ndiye anakaiyesa yekha padoko ndi maginito a sipika yakale anzake akuona. Anakwera naye.

Mwezi wa Ramadan unapezeka iye akadali pa mankhwala a mafinya aja, thupi lisanabwerere. Anandifunsa ngati angasale. Ine ndinanena za thupi zokha, kuti mapiritsi akufunika katatu pa tsiku ndipo sikelo ikadali pansi. Zinazo anakafunsa ashehe, omwe anamuuza kuti wodwala amaloledwa kudzabweza masikuwo akachira. Anachita zomwezo.

Mmene alili pa miyezi 18

Mano akukumana mbali zonse ziwiri, kutsogolo kulibenso mpata. Chibwano chili pakati, ngakhale woyang'anitsitsa amaona kuti ngodya ya kumanja ndi yokhuthala pang'ono. Amatsegula mamilimita 40, ndipo nsagwada imakhotera kumanja pang'ono pomaliza kutsegula. Mfundo ya kumanja imalira "tha" akamayasamula, yosapweteka, kupatula m'mawa wa mwezi wa June kapena July akachokera panyanja mwera utawomba usiku wonse. Kuthowa ndi madzi ofunda kumakwanira. Sikelo ikuonetsa 61. Wataya mano awiri. Fodya anayambiranso mwezi wachisanu ndi chitatu, ndudu ziwiri kapena zitatu pa tsiku, ndipo nkhani imeneyo sitinamalize.

Panyanja anabwerera mwezi wachinayi, anapumira nthawi ya puleti ija, n'kubwereranso. Onse pamodzi, maulendo a ku Lilongwe anakwana asanu ndi limodzi, ena ndi womuperekeza, ndipo ngongole yomaliza ya ku banki ya m'mudzi anamaliza kubweza chaka chitatha. Ku kabaza amakwerabe, chifukwa kwawo minibasi sifika. Anagula helemeti, koma yotseguka kumaso, yomwe chibwano siiteteza. Yotseka chibwano anati mtengo wake sangaufike pakadali pano.

Mapu a dzanzi anachepa kuchoka pa bokosi la machesi kufika pa kadera konga chikhadabo cha chala chachikulu, pamlomo penipeni pafupi ndi pakati. Chibwano chikumva thonje ndi singano, ngakhale iye amati chimamveka ngati akukhudzidwa pamwamba pa nsalu. Kuyambira mwezi wa 14 madontho sanasunthenso. Ndamuuza kuti kaderako mwina ndi kake mpaka kalekale. Anakapanikiza ndi chala, nati bola tiyi sakutayikanso.

Akudya ndi anzake padoko. Nsomba amayamba waisadzula ndi zala n'kuyala minga pambali pa mbale, ndipo anzake amamuseka kuti amadya ngati mlendo wa ku Lilongwe. Nzimbe amasenda ndi mpeni n'kuduladula, amatafunira kumanja. Chatsala ndi mpata wa dzino la kumanzere: loyandikana nalo layamba kupendekera momwemo, ndipo chakudya chikukanirira pamenepo. Tagwirizana kuti ndimutumize akapangitse dzino loikirira usipa ukayamba kugwidwa bwino, ndipo pakadali pano azibwera miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kuti ndizigogoda mano awiri otsala pafupi ndi chipseracho.